Sipuling'i yochokera ku Hermosillo

Madala a kuseri kwa mpanda wathu amakonza mfuti za anthu a mpikisano wowombera nkhuku ndi nkhosa zachitsulo. Manja awo amanjenjemera akamamwa khofi, koma akagwira tupa amakhazikika. Amafewetsa kachitsulo kokokera chala mpaka mfuti imalira munthu akangokakhudza. Amakonda kunena kuti, "Mfuti ilibe mkwiyo, imabwereka kwa mwini wake."

Mwamuna wanga, Rigoberto, anawapatsa yake kuti aifewetse. Tsiku lomwelo madalawo anandiona ndikuyanika matewera, diso langa litatupa ndi chibakera. Sanandifunse kanthu, koma mpaka lero mfutiyo sinathe kukonzedwa. Amangoti akudikira sipuling'i yake yatsopano kuchokera mumzinda wa Hermosillo.

"Madala, sipuling'i ija ikubwera pa bulu kodi?" Rigoberto amafunsa pampanda.

"Ku Hermosillo atumizanso yolakwika, mphwanga. Ukufuna ukaphonye nkhosa, anzako akakuseke?"

Dzulo madala anandiitana chapansipansi. "Mwana wanga, mabodza andithera. Mpikisano ndi Lamlungu, ndipo mwamuna wako wati abwera ndi anzake kudzatenga mfutiyo. Ulibe kwanu koti upite ndi khandalo?"

Kwathu kulibe munthu. M'mawa uno ndikuwamva madala kuseriko akupala chitsulo cha mfuti ija ndi tupa, pang'onopang'ono kuposa masiku onse, kuti ntchitoyo isathe msanga.