Mbale Zoboola za Kumanda Kwathu

Madzi osefukira ataphwa kwa Tengani, manda athu anasanduka bwalo la mchenga. Mitumbira yonse inafafanizika. Chinatipulumutsa ndi mwambo wathu woika mbale ya malemu kumutu kwa manda, yoboola pansi, yokhomerera ndi chikhomo. Ya amayi anga inali yachitsulo, ya maluwa ofiira m'mphepete. Ndinaipeza ikusuzumira mumchenga, mtima wanga n'kukhala pansi, poti ndinkadziwabe pamene agona.

Kenako kunatulukira achimwene anga a ku Blantyre, munthu amene maliro a mayi ake anawalirira pa foni. Anabwera ndi amuna a mpingo wawo, ongodzipereka, atavala malaya ofanana, ati adzatikonzere manda. Anthu pamudzi anawaombera m'manja, n'kuwathokoza m'chiyankhulo chakwathu, "Takhuta, takhuta!" Ine ndinapempha kuti ndiwaperekeze, ndiziwalozera kuti apa pagona uje, apo pagona uje.

"Mlongo, iwe kasamale thobwa la alendo," anatero achimwene. "Anthuwa ntchito amaidziwa."

Ankaidziwadi! Masana nditasenza ndowa ya thobwa la mapira, ndinapeza manda ali see, osalala ngati bwalo la mpira. Nkhadze adula, zikhomo azula. M'mbali mwa njira munali mulu wa zinyalala, ndipo m'menemo munali mbale, makapu ndi mapale a anthu athu. Ya amayi inali pamwamba penipeni, itapindika.

Ndinagwira mkono bambo wina amene anali ndi fosholo. "Bambo, mbale iyi mwaichotsa pati?"

Anandimwetulira, mano onse pamtunda. "Mayi, zimenezi zimasunga madzi, zimaswetsa udzudzu."

"Mbale yoboola isunga madzi bwanji? Ndati mwaichotsa pati?"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kuloza ndi mlomo dera lonse la kumadzulo. Thobwa lija ndinalikhuthulira pansi iwo akuona. Mpaka lero sindinamvepo chisoni, ndimangodandaula mapira anga.

Achimwene anati ndawachititsa manyazi. Atero iwo! M'mawa mwake anayenda pamchenga paja manja ali m'thumba, n'kuima pamene panawakomera. "Ndi chapompano," anatero. Pamenepo ndi pamene anamangitsa chiliza cha simenti, dzina la amayi lili pamwamba, anajambulitsa zithunzi n'kubwerera kwawo. Mumzere umenewo munagonanso mkazi wachiwiri wa abambo, amene amayi sanapemphanepo naye ngakhale mchere. Mwina ndi iyeyo amene akusenza dzina lawo.

Sindinapite kotsegulira chilizacho, ndipo achimwenewo akaimba foni ndimangoiyang'ana mpaka itatopa. Anthu amati ndikhululuke, alendo aja anabwera ndi mtima wabwino. Mtima wabwino wosafunsa eni ake ine ndilibe nawo ntchito.

Chaka chatha ndinadwala kwambiri, mwana wanga wamkulu n'kundifunsa monong'ona kumene ndikufuna akandiike zikavuta. Ndinati pambali pa amayi anga. Iye anati, "Mbali yake iti, amayi?"

Ndinatembenukira kukhoma.