A Giya ndi Makande a Kuseri kwa Nyumba

A Giya anayendetsa mabasi a maulendo ataliatali kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a kudepoti, chifukwa ngakhale akhale pansi kumwa tiyi, dzanja lawo linkangoyendayenda ngati likusintha giya. Diso lakumanja litayamba kuchita chifunga, adokotala anawauza mosapita m'mbali kuti za chiwongolero aiwale. Anabwerera kunyumba ndi kachikwama kamodzi.

Kukhala pakhomo kunawakanika. Ankasesa posesa kale, kukonza chitseko chabwinobwino, kutuluka pageti n'kubwereranso asanafike pamsewu. Akazi awo, amene ankasoka zovala pakhonde, anapirira milungu itatu.

"Abambo, mukundizunguza mutu," anatero tsiku lina akudula ulusi ndi mano. "Kuseriku malo angogona. Kalimbaneni nawoni, mwina mungatopeko."

Malowo anali makande okhaokha. Dzuwa likaomba ankauma gwa, n'kuchita ming'alu yolowa chala. Mvula ikagwa ankasanduka matope omata, ovula munthu nsapato. A Giya sanafunse aliyense. Anagula piki, anakoka zingwe, n'kukonza mabedi asanu ndi atatu ondondozana ngati mipando ya m'basi, kuchokera kukhoma mpaka kumpanda. Anabzala anyezi, tomato, kaloti ndi kabichi.

Mvula yoyamba itagwa, madzi onse a padenga anatsikira m'mabedimo n'kukhazikika. Patatha sabata tomato anachita chikasu, kaloti anaolera pansi. Chowawa kwambiri, pakati pa bedi la anyezi panadutsa mapazi a munthu.

"Waponda anyezi wanga ndani?"

"Ndine," akazi awo anayankha osadzutsa mutu pamakina. "Mwatseka njira ya kuchingwe choyanikira zovala. Mukufuna ndiziuluka ndi beseni?"

"Simukanazungulira?"

"Ndizungulire pati? Uko mwadzazako kabichi. Nanga adzukulu anu akabwera azisewera pati, padenga?"

A Giya anapsa mtima, anayenda wapansi mpaka kudepoti. Anaima kunja kwa mpanda kuonerera mabasi akutuluka. Dalaivala wina amene anamuphunzitsa okha ntchito anawaimbira hutala, koma sanaime. Anabwerera miyendo ikuwawa, mtima usanatsike.

Mawa lake kunagwanso mvula. Posowa kopita, anakhala pachidebe pakhomo lakuseri, bondo likugwedezeka, maso ali pamadzi. Anaona komwe ankachokera, pomwe ankakhota ndi pomwe ankaima. Mvula itakata, akazi awo anayamba kuyenda maulendo awo a tsiku ndi tsiku: kumpopi, kuchingwe, kudzala, kumpopi kachiwiri. Matope ankasunga phazi lililonse. Pofika masana pabwalopo panali patalembeka njira zitatu zimene a Giya sanaziganizirepo n'komwe.

Anazula zonse n'kuyambiranso. Anakumba ngalande kuchokera pomwe denga limathira madzi mpaka kunja kwa mpanda, n'kuyalamo miyala. M'njira zitatu zija anapondereza zidutswa za njerwa. Mabedi anangosiya anayi, aang'onoang'ono, okwera kufika m'bondo, oti munthu n'kufikira pakati osapondamo. Dothi analisakaniza ndi manyowa, masamba ouma ndi utuchi wowola wa kwa kalipentala, ndipo anakankha wilibala mpaka tayala linaphulika. Tsiku lina, chifukwa cha phuma, analima dothi likadali lonyowa. Zibuma zake zinauma ngati miyala, moti anatha sabata akuziphwanya ndi hamala, akazi awo akuseka pakhonde. Anyezi ndi tomato anaika pafupi ndi khomo la khitchini kuti wophika azingotambasula dzanja, ndipo pakati anasiyapo bwalo la kapinga.

"Apa ndiye mwaganiza ngati munthu wa pakhomo," akazi awo anatero, atayenda kukayanika ndi kubwerako mapazi ali oyera.

Koma kuyamikiridwa sikunawakhazike pansi a Giya. Pomwe tomato ankayamba kupsa, iwo anali atatopa nalo kale dimbalo. Bedi lina analisuntha kawiri popanda chifukwa.

"Mukalikhudzanso limenelo, piki ndikaiponya m'chimbudzi," akazi awo anawachenjeza.

Anawapulumutsa ndi aphunzitsi a nyumba yachitatu, mayi wamasiye amene nyengo ya mvula ankapita kumpopi atavala mapepala apulasitiki kumapazi. Anasuzumira pampanda n'kupempha kuti nawonso awakonzere chimodzimodzi.

"Chimodzimodzi sizingatheke, mayi," a Giya anatero. "Ndibwera mvula ikagwa, mudzandipatse pokhala."

"Osabwera ndi khasu?"

"Khasu pambuyo. Ndione kaye madzi anu ndi mayendedwe anu."

Aphunzitsiwo ankadwala msana, choncho mabedi awo anawakweza mpaka m'chiuno. Atatha kumeneko anaitanidwa kwa wogulitsa nyama, amene agalu ake ankakumba chilichonse, kenako kwa mlonda wina amene anali ndi ana asanu ndi awiri, komwe anangokonza mabedi awiri m'mbali, malo ena onse n'kusiyira mpira. Sankadikira kukolola. Mbewu zikangomera, iwo anali atalowa kale pageti lina.

Si zonse zinayenda bwino. Bambo wina atagula galimoto anathira simenti dimba lonse limene a Giya analivutikira miyezi iwiri. A Giya atamva nkhaniyo sanadye nkhomaliro, ndipo mpaka lero salankhulana naye.

Panopa afika pa nyumba ya khumi ndi chiwiri, ya namwino wina kumunsi kwa msewu, kumene madzi a makomo onse amakathera. Ngalande aikumba katatu, katatu konse yakwiririka. Namwinoyo wawauza kuti angozisiya, iye azigula ndiwo kumsika. A Giya akana. Akuti vuto lili kwa anansi a kumtunda, ndipo ayamba kugogoda khomo ndi khomo kupempha kuti aone kuseri.