Ugam Bai ndi Zithunzi Zopanda Maso

Inu amene mwalema mpaka pemphero likukanika kutuluka pakamwa, imvani za Ugam Bai wa ku Udaipur.

Mwamuna wake Ghisulal atamwalira, anamusiyira mapepala makumi atatu ndi limodzi. Inali mbiri yopatulika ya Ambuye wathu wonyamula uta, kuyambira tsiku limene anasiya nyumba yachifumu kupita kunkhalango mpaka tsiku lobwerera kwawo. Ghisulal anaijambulira kachisi wa m'dera lawo kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Zonse zinalipo: mitengo, anyani, mlatho wa panyanja, golide wa pazisoti. Maso a Ambuye okha ndi amene kunalibe. Kwathu kuno maso amajambulidwa pomalizira, mmisiri atasamba ndi kusala kudya, pakuti chithunzi chimakhala chamoyo pa nthawi imeneyo. Imfa inamupeza Ghisulal asanafike pamenepo.

Masiku a maliro atatha, wansembe wa pakachisi anabwera. Tiyi amene anamupatsa anazizira m'manja.

"Bai, Ambuye opanda maso sitingawaike pamaso pa anthu," anatero. "Chikondwerero cha nyali chikafika zili chonchi, mapepalawa tidzawapereka kunyanja mwaulemu. Mwambo mukuudziwa."

Kunatsala miyezi inayi. Ugam anapita kwa amisiri awiri, onse anakana. Anati dzanja la Ghisulal linali lakelake, iwo angachite bwino kuyamba zawo.

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi Ugam anakhala akupera miyala ya utoto, kusakaniza mwaye wa nyali ndi utomoni, ndi kudzaza tizigoba toikamo utoto ta mwamuna wake. Koma kaburashi ka ubweya wa gologolo anali asanakagwirepo. Tsopano anakatenga, nayamba kuyeserera pa zidutswa za mapepala.

Mlamu wake Mangilal, wogulitsa zithunzi za ngamila kwa alendo, anamupeza atawerama.

"Alamu, umisiri mwauyamba ndi imvi? Ndipatseni mapepalawo. Alendo sayang'ana maso, amayang'ana golide."

"Achimwene anu sanajambulire alendo."

"Ndiye anajambulira nsomba, poti ndi zimene zidzawaone."

M'mawa uliwonse Ugam ankasamba, kuyatsa nyali, kuimba nyimbo imodzi yotamanda, kenako kukhala pansi. Dzanja linkanjenjemera. Maso ena amene ankajambula ankatuluka ngati njere za mango, ena aukali, ena atulo. Msana unkawawa, maso ake omwe ankachucha misozi. Miyezi iwiri inatha chomwecho.

Tsiku lina anadzilimbitsa mtima natenga pepala loyamba la Ghisulal. Kaburashi katayandikira nkhope ya Ambuye, mantha anamugwira, dontho lakuda linagwera m'mphepete mwa pepala. Anaika kaburashiko pansi, ndipo kwa masiku asanu ndi anayi sanakagwirenso. Ngakhale kuimba analeka. Pemphero lake lonse linali ili: "Ambuye, ndatopa. Ngati mukufuna kuona, dzitsegulireni maso nokha."

Masiku omwewo mwana wake wamkazi, Kesar, anabwera kudzacheza ndi khanda la miyezi itatu. Ugam analiika pamiyendo, natsegula kachitini ka wanja, utoto wakuda wa m'maso, kuti alipake m'maso monga timachitira ndi makanda. Khandalo linkapalapata, kutukula miyendo, kulira. Iye anangolinong'oneza, chala n'kudutsa kamodzi uku, kamodzi uko.

"Amayi, mumati dzanja lanu latha," anatero Kesar. "Mwana akuvuta chonchi, chala chanu chili nji."

"Uyu ndimuopa chiyani? Si mwana wanga?"

Mawu akewo anamukumbutsa nyimbo. Nyimbo zathu zambiri zimamutcha Ambuye mwana. Timaimba zomusambitsa, zomudyetsa, zomugoneka. Ugam anaziimba kuyambira ali mtsikana, koma pamaso pa pepala lija ankakhala ngati wolakwa pamaso pa woweruza.

M'mawa mwake anasamba, sanadye kanthu, natenganso pepala loyamba.

"Khalani phee, mwana wanga, ndikupakeni," anatero.

Anagwira mpweya. Mzere umodzi pamwamba, wina pansi, kadontho pakati. Atakweza mutu, Ambuye anali akumuyang'ana.

Musaganize kuti zonse zinaphweka. Masiku ena ankamaliza mapepala awiri, masiku ena msana unkamugoneka pamphasa tsiku lonse. Pepala lomaliza analitsiriza kutatsala masiku awiri kuti nyali ziyatsidwe.

Wansembe anabwera nakhala pakhonde, akutembenuza mapepala pang'onopang'ono. Mangilal anafika naima kumbuyo kwake, akusuzumira.

"Diso la kumanzereli lakula pang'ono," anatero Mangilal.

Wansembe sanacheuke. "Mangilal, vula nsapato. Akukuona."

Ndipo Mangilal anavula.

Mapepala aja amatsegulidwa m'kachisi chaka ndi chaka, kadontho kakuda kaja kali pomwepo. Msana wa Ugam Bai sunachire, ndipo mwamuna wake amamusowabe. Koma akazi atatu amasiye amakhala naye pamphasa m'mawa uliwonse, aliyense ndi kaburashi kake.

Mwina nanunso mwasiyiridwa ntchito imene simunaipemphe, ndipo manja akunjenjemera. Uzani Mulungu kuti mwatopa, sadzakukwiyirani. Pumulani ngati kupumula kukufunika. Koma kukacha sambani, khalani pansi, mugwirenso ntchitoyo ndi chikondi chimene muli nacho kale. Mtima wokhawo musautaye.