Sitima Yathunthu ndi Gudumu Limodzi

Nkhaniyi iyenera kulembedwa chifukwa anzanga a pa koleji pano, amene anakulira m'mbali mwa njanji, sakhulupirira kuti ife ana a kwa Sinda tinkakangana za sitima tisanaione ndi maso. Kwathu kulibe njanji. Sitima tinaidziwira pa zithunzi zimene atate athu ankatumiza kuchokera kumene anapita kukagwira ntchito.

Ndinali ndi zaka khumi pamene aphunzitsi athu, a Mbewe, analengeza kuti aliyense wokhala ndi chithunzi cha sitima abwere nacho, ndipo choposa chinzake chidzapachikidwa pakhoma la kalasi. Tinabwera nazo awiri: ine ndi Yelemiya, amene tinkakhala naye benchi limodzi.

Changa ndinachikulunga m'kansalu ka amayi. Atate anachijambulitsa ku Bulawayo ataimirira njo, atavala jekete, ndipo anadzaza pepala lonse. Kumbuyo kwawo kunkangooneka gudumu limodzi lalikulu. Koma cha Yelemiya! Inali sitima yathunthu, kuyambira kumutu kufikira kumchira, itakhota ngati bongololo, utsi uli tolotolo. Atate ake anali kadontho chabe pafupi ndi mutu wa sitimayo.

Aphunzitsi anazigwira zonse ziwiri, china dzanja ili, china dzanja ilo. "Chithunzi chabwino cha sitima," anatero, "chionetse mutu, mabogi, njanji ndi utsi, pakuti utsi ndiwo usonyeza kuti chinthucho chikuyenda. Nanga apa, Lazaro, sitima ili kuti?"

"Atate ake aimeza!" anafuula wina kumbuyo, ndipo kalasi lonse linafa nacho chiseko.

Kuyambira tsikulo mtima wanga unali ngati nkhuni yonyeka mkati. Pa phunziro la masamu maso anga ankangothamangira kukhoma kumene anapachika cha Yelemiya, kufunafuna chilema. Ndinauza anzathu kuti utsiwo anachita kupaka ndi khala, palibe anandimvera. Nsawa zokazinga zimene tinkagawana ndi Yelemiya ndinayamba kudyera ndekha kuseri kwa tchalitchi. Ngakhale atate ndinawakwiyira, ndipo ndinafunsa amayi chifukwa chimene anaimira kutsogolo n'kuphimba chinthu chofunika.

"Ine sindinakwatiwe ndi sitima," anayankha amayi, osaleka kupeta.

Tsiku lina, tili mkati mwa phunziro, amake Yelemiya anafika ndi kugwada pakhomo la kalasi.

"Odi, aphunzitsi. Ndapota nanu, ndibwerekeniko mandala anuwo."

"Mufuna kuwerenga chiyani, amayi?"

"Kuwerenga sindidziwa ine. Ndifuna ndione ngati atate ake a Yelemiya anaonda. Kunyumba ndinkayesa padzuwa, koma maso angawa anakana."

Aphunzitsi anatsitsa chithunzi chija n'kuwapatsa pamodzi ndi mandala. Mayiwo anawavala mopendekera, anabweretsa chithunzi pafupi ndi mphuno, anachitalikitsa, anachipukuta ndi ngodya ya nsalu yawo.

"Chipewacho n'chawo," anatero potsiriza. "Koma nkhope siikuoneka." Anathokoza, nabweza mandala ndi manja awiri, napita.

Yelemiya sanadzutse mutu. Patapita kanthawi anandigunda ndi chigongono, nanong'oneza kuti, "Iwe, mawa ubwerenso nacho chako chija. Ndifuna ndione maso a atate ako." Ake anachoka iye asanadziwe kanthu, ndipo kufikira lero sanabwerere.

Ndinganame nditanena kuti nsanje yanga inathera pomwepo, pakuti ndikakumbukira utsi uja mtima umandiwawabe pang'ono. Aphunzitsi sanalakwe: kwa ana ofuna kudziwa sitima, cha Yelemiya chinali choposa. Koma tsopano ndikumvetsa kuti wojambulitsa ali kutali ayenera kuyamba waganizira amene adzatsegula kalatayo, ndi chimene maso awo adzayambe kufunafuna.

Owerenga, ngati ndaphonya mawu kapena ndalakwitsa za sitima, lemberani akonzi kuti ndikonze. Ndipo ngati alipo wodziwa za kujambula, andiuze ngati ilipo njira yokulitsira nkhope yaing'ono ngati njere ya mapira kuti munthu aizindikire.