Kukauza Msilamu kuti Mulungu alipo

Linali Lachinayi, 2 koloko masana, Pasaka atayandikira. Ife amayi ofuna kubatizitsa ana tinali pa mphasa m'kapela, makanda ali kubere. Akatekisita athu anali atangobwera kumene ku maphunziro ku Kuwamba, ndipo nzeru zimene anabwera nazo zinkaoneka kuti zikuwalemera.

"Lero," anatero, "muphunzira kuyankha munthu wonena kuti Mulungu kulibe."

Tinayang'anana. Kuno ku nyanja ya Chiuta munthu wotere sitinamuonepo. Ngakhale zidakwa zimamutchula Mulungu bwato likayamba kulowa madzi.

Anafotokoza kuti wina akakubera matemba pa thandala, umadziwa kuti walakwa. Wakubayonso amadziwa, n'chifukwa chake amabisala. Lamulo limeneli si boma linaliika m'mitima mwathu, ndipo pamene pali lamulo pali mwini wake. Pakanapanda Mulungu, kuba ndi kusaba zikanangokhala ngati wina kukonda thobwa, wina tiyi.

Ine ndinalekeza kalasi yachitatu, koma izi ndinazimva, ndipo zinandikomera. Kenako anaononga zonse. Anati aliyense akafotokozere munthu mmodzi wosakhala wa mpingo wathu, adzanene zimene wayankha. Wolephera, mwana wake adikire chaka chamawa.

Mwana wanga anali atadwala malungo kawiri. Chaka chamawa kunali kutali.

Vuto n'lakuti ine ndine wamanyazi. Kuchigayo anthu amandipitirira pamzere, ine n'kumawathokoza. Munthu wakunja kwa mpingo amene ndikanatha kumutsegulira pakamwa anali mmodzi yekha: amayi ena achikulire achiyao oyandikana nafe, Asilamu, opemphera kasanu pa tsiku. Amenewo ndiwo anafunika kumva kwa ine kuti Mulungu alipo.

Ndinawapeza akutembenuza nsomba pa thandala lawo. Ndinagwada, ndinakonza kapulana, chitenje changa, n'kuyamba monga anatiphunzitsira.

"Amayi, wina atakuberani matemba panopa, kodi walakwa?"

Anandigwira dzanja. "Wamuona ndani?"

Sindinkadziwa kuti sabata lomwelo anawaberadi.

"Ayi amayi, n'chitsanzo chabe."

"Chitsanzo chimadya matemba? Nena mwanawe. Ndi amuna ako?"

Ndinaulula za akatekisita, za maphunziro, za mwini lamulo. Anayamba kuseka.

"Ndiye akutuma udzandiuze kuti Mulungu alipo."

"Inde amayi."

"Zikomo pondidziwitsa. Zaka zonsezi ndikamagunditsa chipumi pansi ndimati ndikulankhula ndi mphasa."

Misozi inayamba kutuluka yokha. Ndinawauza za ubatizo. Anasiya kuseka, anandilanda mwana n'kumukhazika pamiyendo.

"Malizitsa, ndimve."

Ndinafotokoza zonse, maso ali pa zala za kumapazi kwanga. Ndinasokoneza pakati, ndinabwerezanso. Aka kanali koyamba kulankhula nthawi yaitali chonchi kwa munthu wamkulu.

"Zoona zimenezo," anatero. "Koma wondiberayo lamulolo amalidziwa, ndipo anababe. Kawafunse aphunzitsi akowo ngati ku Kuwamba anaphunziranso zobweza matemba."

"Sindingathe, amayi."

"Ndikudziwa. Ingokanena kuti ndavomera. Mulungu alipo. Si bodza."

M'mawa mwake ndinabereka mwana n'kupita kwa akatekisita. Ndinawapeza akupopa njinga. Ndinanena kuti ndinafotokozera amayi achisilamu aja, ndipo avomera kuti Mulungu alipo. Anasiya kupopa, nkhope ikuwala.

"Mwaona mphamvu ya maphunziro, mayi? Mwanayu abatizidwa pa Pasaka."

Anawonjezera kuti nkhaniyi akaisimba kwa abambo padiri, ansembe athu. Ndinayankha kuti zikomo, ndinadzuka, n'kupita kukatunga madzi.