Womaliza Kulakatula

Tafazzul Sahib anali ndi mawu okoma, zimenezo tisamunamizire. Akatsegula pakamwa pa wailesi, azimayi ankaiwala chapati pamoto. Koma munthu wake, aa, mtima unali wouma gwa.

Anafika ku Karachi chaka chimene dziko lawo linagawidwa pawiri, ali mnyamata wa ku Badaun wopanda ngakhale bulangeti. Amene anamutola anali Ustad Wajahat, mlakatuli wogulitsa mabuku akale. Ustad anamugoneka kuseri kwa mashelefu, namudyetsa, ndipo ndakatulo iliyonse ya Chiurdu imene mnyamatayo ankalemba inkayamba yadutsa pansi pa pensulo yawo. Ndi iwonso anamugwira dzanja kukamupemphera ntchito ku wailesi.

Kumeneko anakwera msanga. Anayamba ndi kuwerenga mitengo ya thonje, kenako kulemba masewero, kenako mabuku atatu, mpaka anamupatsa pulogalamu ya alakatuli. Apa mpamene matama anamukwera m'mutu. Lamulo lake linali lakuti nkhani za madzulo sizidikira munthu. Nthawi ikakwana, wa pamakina ankazimitsa nyale yofiira yosonyeza kuti mawu akumveka pa wailesi, mlakatuli n'kutsala kukamwa yasa pakati pa mzere, Tafazzul akuseka. Wa pamakinayo Tafazzul anachita kumuopseza yekha kuti tsiku limene adzachedwetse nkhani, ntchito idzathera pomwepo. Alakatuli ankamugwadira pamaso, koma kumbali akamva dzina lake ankalavula.

Chinthu chimodzi chokha chinkamudya moyo. Pa mushaira, msonkhano wolakatula ndakatulo, alakatuli akakhala pansi mozungulira, kandulo imayambira kwa achinyamata n'kumasunthira kwa akuluakulu, ndipo amene walakatula pomaliza ndiye wamkulu wa onse. Zaka zonsezi kandulo inkathera pa Ustad. Tafazzul imvi zinali mbuu, dzina lake litafika mpaka ku Peshawar, koma ankakhalabe wachiwiri kwa wogulitsa mabuku odyedwa ndi njenjete. Zinkamupweteka koopsa.

Chaka chopuma ntchito anakonza mushaira waukulu woti umveke pa wailesi pompopompo. Anapita kwa Ustad, nsapato osavula n'komwe, nawauza kuti ulendo uno iwo atsogole, iye atsirize, poti ukalamba sufuna kukhalitsa pansi. Bodza lamkunkhuniza. Ustad anangovomera.

"Palibe kanthu, mwana wanga. Mwini wotchi ndiwe."

Tsikulo kandulo inayenda bwinobwino mpaka inafika pa Ustad. Iwo anayamba ndi mawu onjenjemera. Mzere woyamba utatha, alakatuli anaubwereza pamodzi monga mwa mwambo, wina n'kupempha kuti aunenenso. Anaunenanso. Wina kumbuyo anati kukoma kwake sikunamukwane. Anabwerezanso. Palibe amene anapangana ndi mnzake, koma anthu onse amene anadulidwa pakamwa zaka zija anali atapeza pomugwirira. Tafazzul thukuta linali kamukamu mkati mwa sherwani, jekete yake yaitali yatsopano, maso ali pa wotchi. Dzanja linkamuyabwa kuti alande kanduloyo, koma kulanda kandulo pamaso pa mphunzitsi wako mzinda wonse uli pomwepo, ngakhale iye zinamukanika.

Kenako Ustad anamaliza, nakankhira okha kandulo kwa iye. Tafazzul anakonza kukhosi, natambasula pepala la ndakatulo imene anaisula miyezi yambiri. Nyale yofiira inazima. Wa pamakina kuseri kwa galasi anangoloza wotchi.

Kandulo ikafika sibwezedwa, choncho analakatula ndithu, mizere yonse, mawu osapyola khoma. Palibe amene anabwereza mzere wake. Wina ankatokosa m'mano.

Atafika kunyumba anapeza khonde ladzaza anansi, mbale ya jalebi, timakeke totsekemera, ili pakati. Onse anali atamvera wailesi, ndipo anamva Ustad akumaliza, nkhani za madzulo n'kuyamba. Mkazi wake Shagufta anamuchingamira misozi ili m'maso.

"Tamverani, bambo a Nuzhat, ine ndimaopa kuti lero mutichititsa manyazi. Koma mwawasiyira Ustad mawu omaliza, inu osanena ngakhale mzere umodzi. Chikwatiraneni, sindinakunyadirenipo ngati lero."

Anansi anavomera, wina n'kunena poyera kuti kumtima ankamuyesa munthu wodzikonda, amukhululukire. Tafazzul anayang'ana mkazi wake, nayang'ana anthuwo. Pepala lija linali m'thumba, likumukanda pachifuwa. Analandira jalebi imene anamupatsira, naitafuna.

Alakatuli aja sanaulule, chifukwa chilango chimenechi chinawakomera kuposa kumuyalutsa. Mpaka imfa yake, aliyense womulonjera ankayamba ndi kuyamikira tsiku limene anadzichepetsa pamaso pa Ustad, za mabuku ake atatu osazitchula. Iye ankangowerama mutu, n'kunena kuti zikomo.