Timu ya a Nyirenda sinapite ndi mvula

Mvula ya ku Cape Town ilibe ulemu. Ya kwathu imayamba yagunda kaye, anthu n'kuanula zovala. Ya kuno imagwa cham'mbali, m'nyengo yozizira, ndipo imadziwa pamene msomali wa denga unakhwepa. Lachiwiri lapitali inapeza malo otere pa kanyumba ka malata ka alamu anga a NyaMhango ku Delft, n'kudonthera ndendende pa makina osewerera magemu a malemu amuna awo.

Anandiimbira ndili pa ntchito ku Camps Bay, ndikupukuta matambula mu lesitilanti. Mmene mawu awo ankamvekera ndinaganiza kuti kwagwa zovuta kumudzi.

"Alamu, bambo a Tiwonge sakuyaka."

Wina akanaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinkadziwa chimene chinali m'makinamo.

Ndifotokoze kaye. Bambo a Tiwonge anali a Wongani Nyirenda a ku Mzimba, amene ankagwira ntchito ya m'maluwa kwa mabwana a ku Camps Bay komweko. Ine ndine wa ku Ntcheu, koma kuno ku Joni mbale wako ndi amene anakuchingamira potsika basi, ndiye akazi awo ndi alamu anga basi. Anatisiya chaka chatha atangodwala pang'ono.

A Nyirenda anali ndi gemu ya mpira ya pa disiki, yakalekale, imene anzathu ena ankainyoza kuti inatha fasho. Iwo sankafuna kumva za yatsopano. M'gemu imeneyo anapangamo timu yawoyawo, ya ife Amalawi a mumsewu mwathu, aliyense ndi dzina lake ndi nkhope yake. A Banda, otinyamulira katundu wa kumudzi, anawaika kumbuyo ndi mimba yawo yomwe. Mkulu wa mpingo wathu anamupatsa dazi lowala kuposa lenilenilo. Eni ake anadziika kutsogolo, n'kudzipatsa liwiro la njinga yamoto, chonsecho munthuyo ankachita wefuwefu pokwera masitepe a kwa bwana wake. Ine anandiika pa golo ndi manja obooka. Ndinadandaula kangapo, iwo n'kumati gemu siinama.

A NyaMhango ankadana nalo phokoso lathu la Lamlungu masana. Koma maliro atatha, anandipempha kuti ndiwaphunzitse kuyatsa makinawo ndi kuwasiya kuti azisewera okha. Akaweruka ku tchalitchi ankakhala pa mpando n'kumaonera. Tsiku lina ndinawafunsa chimene amaonapo, popeza ngakhale malamulo a mpira sawatsata. Anandiyankha kuti pa chithunzi amuna awo amangoima, koma umu amathamanga.

Ndiye mwamva tsopano chimene mvula inanyowetsa.

Makinawo ndinapita nawo kwa wokonza. Anawatsegula, kuwanunkhiza, n'kupukusa mutu. Apa n'kuti chiyembekezo chatsala pa makina anga atsopano, amene ndinagula posachedwapa. Wondigulitsa ankandikakamiza kuti nditenge amtundu wina opanda polowetsera disiki, ati masiku ano zonse n'za pa intaneti, disiki n'za agogo. Ndinakana chifukwa cha umudzi chabe, wofuna kugwira chinthu m'manja. Umudzi umenewo ndikuuthokoza lero.

Lachinayi ndinali pa ofu. Ndinanyamula makina anga aja m'chikwama, kuwakulunga m'jumbo kuopa mvula yomwe ija, n'kupita nawo kwa alamu. Disiki ija inali itakalikakalika ngati pansi pa poto. Ndinaipukuta ndi malaya n'kuilowetsa. Makina anang'ung'udza, kenako nyimbo ija ya gemu inamveka. Makina atsopano anailandira gemu yakale popanda kuifunsa zaka.

Koma chimwemwe chinali chachifupi. Matimu onse a kufakitale analimo, yathu yokha munalibe. Disiki imangosunga gemu. Zimene munthu wapangamo zimakhala m'makina, ndipo makinawo ndi aja anamwa madzi.

Ndipamene ndinakumbukira matama a malemu. Ankakonda kunena kuti timu yawo ngakhale mbala siingaibe, chifukwa imasungidwanso pa makompyuta a kampani, m'dzina la akaunti yawo. Mawu achinsinsi olowera alamu ankawadziwa. Tinawalemba, makina n'kuvomera, kenako n'kutiuza kuti popeza awa ndi makina achilendo, atumiza nambala ku foni ya mwini wake kuti atsimikize.

Tinayang'anana. Foni ya mwini wake inali ku Mzimba.

Mukuwudziwa mwambo wathu. Munthu akamwalira kuno timasonkherana kuti thupi lipite kwawo, ndipo katundu wake timamulongedza yense m'zikwama kuti apite ndi bokosi, achibale akagawane kumudzi. Timalongedza mwamantha, kuopa kuti angadzati a ku Joni anadya za malemu. Nsapato, jekete, mabulangete, ngakhale lezala. Makina aja anatsala chifukwa achibale anati asiyidwire mayi wamasiye, koma foni inapita, ndi simu yake momwemo. Ine amene ndikulembane ndi amene ndinatseka zipi ya chikwamacho. Panalibe mmodzi mwa ife amene anaganiza kuti kachidutswa kaja ndi kiyi wa china chilichonse.

Ndinawauza alamu mosabisa kuti apa zavuta. Nambala ya kuno ikakhala nthawi osagwira ntchito amaitseka n'kuipatsa munthu wina, ndipo ndinali ndi chikhulupiriro kuti pofika pano inali ndi mwini watsopano. Iwo anawerama, n'kundiuza zimene anali asanauzepo aliyense. Mwezi uliwonse akhala akuithira timayunitsi nambala ija. Sankafuna kuti tsiku lina adzaiimbe mwangozi n'kuyankhidwa ndi mlendo.

Ndinangotenga foni n'kuimbira a Nyirenda aakulu, achimwene awo a malemu, amene foni ija inagwera kwa iwo pogawana.

Malonje okha anatenga nthawi. Anafunsa za kuzizira, za ntchito, za a Banda ngati anyamuka liti ndi katundu. Kenako ndinafika pa nkhani ya simu. Anati anaichotsa kalekale n'kuikamo ya ku Malawi, koma kuitaya anaopa, pakuti chinthu cha malemu sungangochiponya ku dzala. Anaimata ndi selotepi kuseri kwa kava ya foniyo, ndipo wakhala akuyenda nayo m'thumba osadziwa kuti n'chifukwa chiyani.

"Ndiye mukuti m'kachinthu aka muli mng'ono wanga?"

Ndinawayankha kuti mulibe, koma ndi kamene kangatitsegulire kumene ali. Sanafunsenso zambiri. Anabwereka foni ya mnzawo kuti tizilankhulirana, ina ija n'kuikamo simu ya kuno, n'kuyamba ulendo wa pa chulu chimene mudzi wonse umapezerapo netiweki yamphamvu. Nambala yoyamba inafika, koma pamene ankafufuza magalasi n'kuti itatha kale mphamvu. Tinapempha ina. Iyi anaiwerenga pang'onopang'ono, mokweza, ngati akulengeza nyimbo m'tchalitchi, ine n'kumalemba.

Timu inatuluka yonse. A Banda ndi mimba yawo, mkulu wa mpingo ndi dazi lake, ine ndi manja anga obooka, ndi bambo a Tiwonge kutsogolo atagwira m'chiuno. Alamu sanalire. Anangoti, "Ndi amenewo," n'kukhala pansi.

Mtima wanga uli m'malo, sindikubisa. Koma pobwerera kwathu ndinayamba kuwerengera zimene zinayenera kulondoloka kuti tifike pamenepa. Ine ndikanagula makina opanda polowetsera disiki, bwenzi nkhani itathera pomwepo. Opanga makinawo akanaganiza kuti atsopano asamawerenge magemu akale, monga achitirapo nthawi zina, bwenzi disiki ija ili yoikapo kapu ya tiyi. A Nyirenda aakulu akanakhala munthu wotaya zinthu, kapena alamu akanakhala munthu woiwala msanga, bwenzi tikunena zina. Kodi chinthu chimene umachipeza mwa mwayi wotere n'chakodi?

Ndipo si zonse zinabwerera. M'akaunti muja munali magemu ena amene malemu anagula pa intaneti, opanda disiki. Ina ya mpikisano wa magalimoto, imene ankaikonda akatopa ndi mpira, dzina lake likuoneka bwinobwino koma siikutseguka. Imafuna kulumikizana ndi makompyuta a eni ake, ndipo eni akewo anazimitsa kale. Palibe anagogoda pa khomo kudzapepesa. Batani lija limene a Nyirenda anadina linkanena kuti akugula, koma zoona zake n'zoti anangobwereka, ndipo wobwereketsayo anatenga chake osatsanzika.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Nanga uyu wa pa makompyuta a munthu wa kutsidya kwa nyanja tidzamutcha wa ndani?

Izi zimandiwawa kwambiri chifukwa cha mtundu wa anthu amene tili. Ife tinabwera kuno kudzasaka zinthu zonyamulika. Azigogo athu ankabwera ku migodi ndi njinga, wailesi ndi jasi, mudzi wonse n'kuona kuti munthu anagwira ntchito. Nafenso timatumiza malata, mafiriji ndi masofa pa lole ya a Banda. Chuma kwa ife ndi chimene ungachimange ndi chingwe. Koma taonani mmene ndalama zathu zikupitira masiku ano: magemu, nyimbo, mafilimu, zonse zosagwirika. Tsiku logawana katundu likafika, achibale adzatsegula chikwama n'kupezamo mawaya okhaokha. Ndipo ndamva kuti ambiri mwa makampaniwa malamulo awo salola n'komwe kuti akaunti isiyidwire munthu wina. Ndiye kuti zimene tinachita Lachinayi zija, mkazi kutsegula za mwamuna wake, kwa iwo n'kulowera pa windo.

Kwathu ku Ntcheu kuli bawo imene anasema malume anga ndisanabadwe. Inang'aluka pakona, koma mpaka lero anthu akutakata. Palibe amene angaizimitse ali kutali, ndipo wosemayo sanabwerepo kudzanena kuti nkhomo zakale sizikugwirizana ndi maenje a chaka chino. Sindikunena kuti tisiye magemu tibwerere ku bawo, ine ndemwe ndimasewera zonse ziwiri. Ndikungofunsa kuti, magemu akalewa akuwasunga ndani? Wogulitsa amafuna ugule ya chaka chino. Yakale ikafa, iye sataya tulo. Amene amataya tulo ndi mayi wa ku Delft amene mwamuna wake ali m'gemu imene wina aliyense anaiiwala.

Ndikudziwa ena mwa inu mukuti bambo wamkulu ndi ndevu zake akulemba za zidole. Chabwino. Koma munthu wogwira ntchito m'munda wa mwini, wogona m'nyumba ya mwini, m'dziko la eni, amafuna kamalo kamodzi kamene iye ndi amene amalamula. A Nyirenda malo awo anali amenewo. Anatipanga mmodzimmodzi, kukonza mphuno, kukonza tsitsi, mpaka titafanana. Ena amasiya nyumba ya njerwa, iwo anasiyanso ndi timu, ndipo sindikuona chifukwa chake chimodzi chikhale cholowa, china chikhale cha kampani.

Opanga makina amene analola kuti disiki yakale iwerengeke ndikuwayamika, ndipo ndikanakonda onse atamatero nthawi zonse, osati akafuna okha. Kwa inu abale anga, langizo langa n'lachimudzi. Gulani chimene mungachigwire ngati chilipo. Uzani munthu mmodzi wa m'nyumba mawu anu achinsinsi. Ndipo tsiku limene tidzalongedzenso chikwama cha mnzathu, Mulungu atalikitse, wina adzafunse za simu zipi isanatsekedwe.

Timu ija taikopera pa fulashi, imene alamu aikulunga m'kansalu n'kuisunga kutali ndi denga. Msomali uja ndaukhomanso. Makina anga ndawasiya konko, ndizikawaona Lamlungu.

Ndisananyamuke, a NyaMhango anachita zimene sanachitepo chiyambire. Anatenga padi yosewerera, n'kundipatsa inayo, n'kunena kuti ndigawe timu pawiri, iwo akhale mbali ya amuna awo, ine mbali yanga. Ankadina mabatani onse nthawi imodzi, mpira n'kumapita kumene wafuna. Koma liwiro lija malemu anadzipatsa silifuna luso. Bambo a Tiwonge anadutsa a Banda ngati aima, n'kumenya kampira kofooka kamene ngakhale nkhuku ikanakatchinga. Kanadutsa pakati pa manja anga.

"Alamu, mwawasiyira dala."

Sindinawasiyire. Anandipanga choncho mwini wake, ndipo makina atsopanowa sanasinthe kanthu. Ndakhala ndikudandaula za manja amenewo kwa zaka, koma Lachinayi ndinasangalala kuwapeza ali obooka momwe anawasiyira.